Kanyanga ka pa Dzina la a Mang'anda

Ku Trelawney, pa komboni ya purazi ina ya fodya imene yasintha eni katatu koma osasintha malata, mukafunsa za Jesinta Mang'anda anthu amangokuyang'anani ngati mwasochera. Muziti Jesinta wa makompyuta, kapena mwana wa a Yeremiya a ku mabhani ootchera fodya. Pamenepo aliyense akulozerani nyumba yachitatu kuchokera pa thanki ya madzi, imene ili ndi sola padenga. Dzina la Mang'andalo ankalitchula bwino ndi anthu awiri okha pa komboni yonse, bambo ndi mwana wake.

A Yeremiya anachoka ku Dedza mu 1963 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ankati akagwire ntchito ku Halale zaka ziwiri, agule njinga, abwerere. Njinga anagula, inatha, anagulanso ina, koma kubwerera ndiye kunakanika. Kumudzi anasiya mlongo wawo Dolika, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kamene kanawasenzera thumba mpaka pamsewu wa basi. Makalata anayenda zaka zingapo. Kenako kunabwera nkhondo, kunabwera kusamuka purazi iyi kupita iyo, ndipo makalatawo anangozilala. Anthu otere kwawo amawatcha matchona, ndipo a Yeremiya mawu amenewa ankawadziwa bwino, ankangodana nawo.

Tsiku lowalemba ntchito, kalaliki wa purazi analemba kuti Manganda. Mnyamata Yeremiya, amene anafika Sitandade 3 pa sukulu ya mishoni, anasuzumira m'bukumo n'kunena kuti pakusowa kanthu pakati pa g ndi a. Kalaliki anati mzere ndi wautali, asunthe. Basi, chitupa chinatuluka Manganda, ana onse asanu anabadwa a Manganda, ndipo kusukulu aphunzitsi ankaitana Manganda, anawo n'kumayankha. Ndani akanalimbana ndi kalaliki chifukwa cha kadontho?

Koma kunyumba inali nkhani ina. Jesinta, chitsirizira wa m'banjamo, amakumbukira bambo ake akulemba dzinalo ndi chala padothi, n'kubaya kachizindikiro pamwamba.

"Pali kanyanga apa," ankatero. "Aphunzitsi athu ankati nkhodolero, ine ndimati kanyanga. Ng'ombe ukaichotsa kanyanga kameneka si ng'ombenso ayi. Ndi chinyama china chimene ine sindinachiwetepo."

Mtsikanayo anakulira m'zaka zimene mapurazi ankasintha manja, sukulu ikuchitikira m'shedi yosankhiramo fodya. Anakwawa choncho mpaka Folomu 4. Mayi ake atamwalira anapita ku Harare, kumene anapeza ntchito pa kashopu kosindikiza makadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Lovejoy, mnyamata wa ku Wedza wolankhula ngati wailesi, amene ankapangira anthu mawebusayiti pa kompyuta ya pakona. Jesinta ankaima kumbuyo kwake n'kumayang'ana. Patatha miyezi itatu anayamba kumulozera pamene waiwala kutseka mzere. Patatha chaka, makasitomala ena a Lovejoy anayamba kufunsa kuti mtsikana uja ali kuti.

Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake, amene anthu a m'maiko ambiri anagwirizana kuti tsamba lolembedwa ku Harare lizitseguka chimodzimodzi pa foni ya ku Chipata kapena pa kompyuta ya ku Japani. Palinso chida cha pa intaneti chimene umachipatsa tsamba lako, icho n'kulisanthula mzere ndi mzere. Chikapeza cholakwa chimafiira, chikapanda kupeza chimabiriwira. Ambiri opanga mawebusayiti sachilabadira, amati bola tsambalo likuoneka. Jesinta sankapereka ntchito kwa mwini wake chida chija chisanabiriwire. Chithunzi chilichonse ankachilembera mawu ofotokoza, kuti wosaona foni yake imuwerengere. Masamba ake anali opepuka, chifukwa ankadziwa mmene netiweki imakhalira ku komboni, kumene munthu amaima pa thanki ya madzi atakweza dzanja ngati akulumbira. Lovejoy anamupatsa dzina loti Sisi Malamulo, ndipo kunena zoona mkaziyo anali wovuta. Ukamuonetsa ntchito yako ankayamba ndi cholakwa, moni pambuyo.

Chimene chinamusangalatsa koposa pa malamulo onsewo chinali chaching'ono. Pamwamba pa tsamba lililonse umayenera kuuza makina chinenero chimene walemba, ndipo chinenero chilichonse chili ndi zilembo zake. Tsiku lina akuyang'ana mndandandawo anapeza zilembo ziwiri, ny, kuimira Chinyanja. Chinenero chimene kusukulu ankachibisa kuopa kusekedwa kuti ndi mubhurandaya, dzina lonyozera ochokera ku Malawi, chinali ndi malo ake pakati pa zinenero za dziko lonse. Anaimbira foni bambo ake kuwauza. Iwo anati, "Nanga unkayesa chiyani?"

Mu 2021 chifuwa cha a Yeremiya chinakula. Zaka makumi anayi akusonkhezera moto m'mabhani sizipita pachabe. Azichimwene ake a Jesinta anali ku Joni ndi ku Chinhoyi ndi mabanja awo, ndiye iye ananyamula laputopu yake, n'kugula sola, n'kubwerera ku komboni. Mawebusayiti a masitolo a ku Harare ankawapangira patebulo la pakhonde, nkhuku zikudutsa kumapazi.

Ndi nthawi imeneyi pamene nkhalambayo inayamba kutchula Dolika tsiku ndi tsiku. Poyamba zinali nkhani chabe, za mmene kamtsikanako kankaopera abuluzi, za mmene kankabera mtedza wa mbewu. Kenako tsiku lina anafunsa molunjika.

"Iwe Jesinta, makina akowa amati amadziwa zonse. Sangadziwe kumene kuli mlongo wanga?"

Anafufuza konsekonse kumene anthu amaika maina ndi zithunzi zawo. A Dolika anapezeka ambiri, koma onse anali atsikana ovala mawigi. Gogo wa kumudzi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri sangapezeke kumeneko. Pamenepo Jesinta anaganiza kuti ngati iwo sangawapeze a kumudzi, a kumudziwo ndiye awapeze iwo.

Anapanga webusayiti n'kuitcha Matchona, bambo ake akung'ung'udza ndi dzinalo. Loweruka lililonse ankakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kupita m'makomboni a Trelawney ndi Darwendale, kukhala pansi ndi nkhalamba zochokera ku Malawi ndi ku Tete, kulemba dzina, mudzi wa kwawo, chaka chimene anachoka, nambala ya foni, ndi kuwajambula chithunzi. Ena ankathawa, kuganiza kuti ndi kalembera wofuna kuwathamangitsa. Ambiri ankalowa m'nyumba kukavala jekete. Maina anapitirira mazana anayi. Patsamba loyamba anaika kabokosi kamodzi, koti munthu wa ku Dedza kapena ku Angonia alembemo dzina la mbale wake, ndipo likapezeka atulukire chithunzi ndi nambala.

Dzina loyamba kulowa linali la bambo ake, ndipo analilemba monga mwini wake ankalilembera padothi. Anawabweretsera laputopu pamwendo. A Yeremiya anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, n'kuika chala pa kanyanga kaja mpaka kusiya chidindo pagalasi.

"Ameneyu ndiye ine," anatero.

Jesinta analemba dzinalo m'kabokosi kuti ayese. Nkhope ya bambo ake inatuluka. Anayesa pa foni yake, inatuluka. Anabwereka mafoni a anthu anayi a pa komboni, monsemo inatuluka. Chida chosanthula chija chinabiriwira. Anatumiza uthenga m'magulu a pa foni a mipingo ya ku Malawi ndi ku Tete, n'kuyamba kudikira.

Ndipo chinthucho chinagwira ntchito, apa ndiye pamene pamawawa. Sekuru Ambrosio, agogo oyandikana nawo nyumba, amene anachoka ku Ulongwe nthawi ya nkhondo, anaimbiridwa ndi mwana wa mng'ono wawo mwezi wachiwiri womwe. Komboni yonse inasonkhana mozungulira foniyo, amayi akululutira. A Yeremiya anavina nawo pang'ono, akutsokomola. Ku Darwendale mayi wina anapeza mwana amene anamusiya ali pamsana pa agogo ake. Pofika kumapeto kwa chaka, mabanja khumi ndi asanu ndi awiri anali atamvana mawu.

M'mawa uliwonse a Yeremiya akamalandira tiyi ankafunsa mawu amodzi okha.

"Lero?"

"Sanaimbe, Baba."

"Foni ili ndi moto?"

"Yadzaza, Baba. Musadandaule, vachafona chete. Adzaimba."

Chaka chinatha, china chinayamba. Nthawi zina ankadzitonthoza okha, kuti mwina Dolika anakwatiwa kutali kumene kulibe netiweki, kapena ana ake sadziwa za intaneti. Sankatchula chinthu chachitatu, choti mwina anamwalira. Mu Juni wa 2023, kukuzizira kwambiri, anasiya kufunsa. Ankangolandira tiyi n'kuthokoza. Kwa Jesinta kukhala chete kumeneku kunamupweteka kuposa funso lija. Mu Julaye anamwalira, ndipo anaikidwa kumanda a pa purazi kuseri kwa mabulugama, pakati pa anzawo a ku Mulanje ndi ku Tete.

Mu Okutobala Lovejoy anamuimbira Jesinta kumuuza kuti seva imene inkasunga webusayitiyo ikutsekedwa, asamutse zinthu zake. Jesinta anakhala pakhonde masana a dzuwa loswa mtengo, akulongedza mafailo limodzilimodzi. Anapeza lina limene anali ataliiwala. Pomanga webusayiti ija anakonza zoti dzina lililonse limene munthu wafufuza koma osalipeza lizisungidwa pamodzi ndi tsiku lake, kuti adzadziwe maina amene anthu akuwafuna. Ankati adzaliona akapeza mpata. Wodwazika matenda mpata aupeza kuti? Failolo sanalitsegulepo ndi kamodzi komwe.

Analitsegula. Munali maina mazanamazana, ena osamveka, ena a ana ongoseweretsa foni. Anatsika nawo mosalabadira mpaka pa 12 Malichi wa chaka chomwecho, pamene chala chake chinaima.

Yeremiya Mang’anda.

Tsiku lomwelo, katatu. Kenako Mang’anda lokha. Pa 19 Malichi, Yeremiya Mang’anda. Pa 26 Malichi, Yeremiya Mang’anda Dedza. Anayang'ana kalendala ndipo onsewa anali masiku a Lamulungu, nthawi yoweruka kutchalitchi. Pa 2 Epulo wofufuzayo anayamba kulankhula ndi kabokosiko ngati ndi munthu: a Yeremiya Mang’anda a kwa Kanyenda anapita ku Halale 1963. Akanalemba Yeremiya lokha tsambalo likanatuluka, koma ndani amatchula mchimwene wake wamkulu dzina limodzi ngati akuitana mwana? Pa 16 Epulo panali mzere womaliza.

ndine Dolika mlongo wawo ngati mukuwadziwa auzeni ndilipo

Jesinta anadzuka, anayenda mpaka pa thanki ya madzi, anabwerera, anakhalanso. Analemba dzina la bambo ake m'kabokosi, nkhope yawo inatuluka. Anakopera dzina la m'failo lija n'kuliika m'kabokosi momwemo. Panatuluka mawu amene anawalemba yekha zaka ziwiri zapitazo, akudziona waulemu poyamba ndi kupepesa: Pepani, dzina limeneli palibe.

Maina awiriwo anali ofanana m'maso. Anawaika m'chida china chimene chimaonetsa nambala ya chilembo chilichonse, pakuti kwa makina chilembo ndi nambala basi. M, a, n, g, zonse zinafanana. Pa kanyanga ndiye panasiyana. Ka iye kanali nambala 39, kowongoka, kamene kamatuluka ukadina pa laputopu ndi pa mafoni a pa komboni. Ka Dolika kanali 8217, kopindika pang'ono, kamene mafoni ena amaika okha kuti zolemba zikongole. Munthu akaona amati ndi kanyanga kamodzi. Makina ankaona maina awiri osiyana, ndipo chida chosanthula chija sichikanafiira, chifukwa tonse tiwiri n'tololedwa m'malamulo.

Kukonza kwake kunali mzere umodzi, wouza makina kuti tinyanga tiwirito azititenga ngati kamodzi. Anaulemba madzi a tiyi asanawire. Mzere umodzi! Bambo ake anali pampando uwo, foni ili yodzaza moto patebulo, masiku a Lamulungu asanu ndi limodzi mlongo wawo akugogoda, ndipo mwana wawo yemwe, Sisi Malamulo, ndiye anali atatseka chitseko. Analira mokweza mpaka Sekuru Ambrosio anatuluka ndi ndodo yawo kuganiza kuti kwalowa njoka.

Anamuimbira Lovejoy n'kumufotokozera zonse.

"Sisi, haisi mhosva yako," anatero Lovejoy. "Si mlandu wako. Ngakhale makampani akuluakulu zimawachitikira."

"Makampani akuluakuluwo dzina la bambo awo lili ndi kanyanga? Ine ndinakula nako, Lovejoy. Anandiphunzitsa padothi. Ngati panali munthu mmodzi mu Zimbabwe yense woyenera kukaganizira, ndine."

Anawerenga maina ena a pa webusayitiyo okhala ndi kanyanga, a Kang'ombe, a Ng'oma, a M'bwana, a Chang'ambika. Analipo makumi awiri ndi atatu. M'failo lija anapeza kuti anayi mwa iwo anafufuzidwapo n'kukanidwa. Sabata imeneyo anakwera kombi kukawauza yekha pamaso, mmodzimmodzi. Mmodzi anapeza atamwalira mu Ogasiti.

Tsopano vuto linali lakuti failolo linkasunga mawu ndi tsiku lokha. Nambala ya foni, dzina la mudzi umene Dolika akukhala, zonsezi panalibe. Jesinta anaika uthenga pamwamba pa tsamba loyamba, m'zilembo zazikulu, wopempha amene anafufuza dzina la Mang'anda mu Malichi ndi Epulo kuti ayesenso, cholakwa chinali cha kuno. Anautumiza m'magulu onse a mipingo amene ankawadziwa, napempha abusa a ku Dedza kuti aulengeze.

Tsamba la bambo ake sanalikhudze. Linkanenabe kuti a Yeremiya Mang'anda ali ku Trelawney, ndipo chithunzi chinali chomwe chija cha jekete. Lovejoy anati limeneli ndi bodza, ndipo Jesinta sanatsutse. Koma uthenga wa maliro suponyedwa panjira kuti wodutsa autole. Umanyamulidwa ndi munthu, amafika, amakhala pansi, ndiye n'kunena. Makina ake anali atamuyankha kale gogoyo mokwanira.

Okutobala anatha, Novembala anatha. Mvula inagwa, fodya anayamba kutambalala m'minda. M'mawa uliwonse Jesinta ankatsegula failo lija asanasambe n'komwe, ndipo ankadziona kuti wasanduka bambo ake.

Foni inalira Lamulungu lina mu Disembala, masana, akuanula zovala kuthawa mitambo. Nambala inali ya ku Malawi.

"Halo, ndikulankhula ndi a Mang'anda?" Anali mawu a mayi wachitsikana. "Ine ndine mdzukulu wa agogo a Dolika, kuno ku Dedza. Abusa analengeza kutchalitchi, ndiye tayesanso, chithunzi chatuluka! Agogo sakugwirika kuno. Dikirani ndiwapatse."

Kunamveka phokoso la foni ikusinthana manja, ana akukuwa, wina akuwakhalitsa chete. Kenako mawu a nkhalamba, okwera, onjenjemera, otchula mawu ndendende ngati mmene a Yeremiya ankatchulira.

"Achimwene? Achimwene, ndinu?"

Jesinta anaika zovala pansi. Anagwada padothi pomwepo, ngakhale kuti panalibe womuona.

"Tete," anatero, kenako anakumbukira mawu a kwawo. "Azakhali. Ndine Jesinta, mwana wawo womaliza wa a Yeremiya."

"Mwana wawo! Mayo ine, ali ndi mwana wamkulu chonchi! Ndawaona pachithunzipa, akalamba ngati bambo athu, mphuno yomwe ija. Apatse foni, mwanawe. Auze kuti ndi Dolika, asachite manyazi, ine sindinakwiye."

"Azakhali, mwakhala pansi?"

Ana aja ankamvekabe chapatali. Munthu wa zaka zimenezo funso lotere amalidziwa.

"Liti?" gogoyo anafunsa motsitsa.

"Mu Julaye. Chinali chifuwa. Tinawaika konkuno, anthu analipo ambiri. Ankakutchulani tsiku lililonse, azakhali."

"Julaye." Jesinta anamva gogoyo akuwerenga chapansipansi. "Malichi, Epulo, Meyi, Juni. Iwe mwanawe, ndiye kuti nthawi imene ndinkafunsa ija analipo?"

"Analipo."

"Ali moyo? Akulankhula?"

"Akulankhula. Anali pampando, foni ili pambali pawo."

"Nanga amene ankandiyankha kuti palibe uja ndani?"

Jesinta akanatha kunena za manambala, za mafoni amene amapinda tinyanga, za malamulo amene amalola tonse tiwiri. Zonsezo zinali zoona, ndipo ankazidziwa bwino kuposa wina aliyense.

"Ndine, azakhali," anatero.

Ku Dedza gogoyo anayamba kulira maliro a mlongo wake, akumuitana dzina, ndipo Jesinta anakhalabe chogwada, foni ili kukhutu, mpaka mvula inayamba kugwera zovala zija.